Kuseka kwa M'chitini

Magetsi ku Mufakose amabwera ngati mwamuna woyendayenda:
cha m'ma leveni usiku, osagogoda, osapepesa.
Ine ndimangowalandira.
Ndimadzuka, kuvala juzi ya malemu,
kukanikiza rimoti yomanga ndi mphira,
kuti mwina lero andiseketsa.

Sewero ndi lomwe lija:
bambo wavala diresi, wasomeka mapilo kumbuyo,
akuthamangitsa landilodi ndi tsache.
Wagwa. Wadzuka. Wagwanso pomwepo.
Ndiye kumamveka khamu likufa ndi phwete,
anthu osaoneka, opanda nthiti zoti ziwawe,
kuseka kwa m'chitini ngati nsomba za m'sitolo,
kotsegula ndi kutseka pa nthawi yake.
Ine kukamwa kuli gwa.
Anawalemba ganyu ndani anthuwa? Amalandira zingati?
Akananditenga nane. Kuseka kokakamiza ndimakutha,
ndinaphunzira pa makasitomala osoketsa pangongole.

Loweruka ndinakwera kombi mpaka ku Copacabana.
Garikai wa madisiki analumbira pali mayi ake:
"Izi ndi moto, amayi, zitatu dola imodzi."
Pachikuto cha yoyamba panali helikopita,
malawi, mkazi wa mfuti ziwiri.
M'kati munalibe helikopita.
Munali azungu awiri m'khitchini
akudandaula za chikondi chawo maola awiri,
firiji yodzadza kumbuyo kwawo, osaitsegula n'komwe.

Yachiwiri anaijambula mozemba m'holo ya dziko lina,
mitu ya eni ake ikudutsadutsa m'munsi,
wina akutsokomola pafupi ndi kamera.
Ndinatsatira chifuwacho kuposa nkhani,
mpaka kumudera nkhawa munthuyo.

Yachitatu ndiyo inayamba kundigwira mtima:
mtsikana akusaka amene anapha mlongo wake,
wafika pakhomo, wagwira chitseko,
disiki n'kuuma.
Ndinaiuzira mpweya, ndinaipukuta ndi chitenje,
ndinaipaka mankhwala otsukira mano.
Mtsikanayo ali pakhomopo mpaka lero,
pakamwa yasa.

Shamiso, wa lendi kuchipinda cha kuseri,
akuti vuto ndine:
nthabwala zinasamuka, ine ndinatsala pa siteji.

Mwina.
Ndayesa kukumbukira bayisikopo ya kuholo ku Mbare,
mabenchi, fungo la maputi ndi thukuta la Lachisanu,
koma nkhani yake sindikuipeza ndi imodzi yomwe.
Akavalo, fumbi, wina kugwa padenga. Basi.
Chomwe ndikumva ndi Jailosi pambali panga,
kuseka kwake koyambira m'mimba
ngati basi yakale yokana kulira m'mawa wa Juni,
kumenya ntchafu yanga m'malo mwa yake,
kundimasulira Chizungu chomwe naye sankachimva.
"Akuti chiyani?"
"Akuti bweza mbuzi zanga!"
Mzungu wa chipewa chachikulu, mfuti m'chiuno,
kulirira mbuzi.
Achewa ndi Ayao a m'mafakitale, mzere wonse,
ankasiya chinsalu n'kutembenukira kwa iye,
mlonda wa tochi kubwera kudzatiletsa
n'kukhala nawo pansi.

Ndiye kuti ndiwo zinali zosakoma kuyambira kale.
Ine ndinkangokhala pafupi ndi mchere.

Usiku uno ndatsitsa mawu onse.
Khamu la m'chitini lapuma ntchito.
Bambo wa diresi uja akuyasamula kukamwa
ngati nsomba ya pamtunda,
landilodi akuloza chala kumwamba.
Ndakonza pakhosi, ndayesa:
"Akuti bweza mbuzi zanga."
Mawu anga okha,
makina osokera atafunda nsalu pakona, akumvetsera.

Kenaka china chatuluka pachifuwa,
chokhakhala, cha dzimbiri,
sindikudziwa ngati n'kuseka.
Shamiso wagogoda khoma:
"Muli bwino, amayi?"

Magetsi athima ndisanayankhe.