Mkanjo wa Dzinkambani

Ndinausoka ndine, pakhonde la sitolo ya a Jasi pa Ngabu,
masiku asanu ndi anayi phazi lili pa chopondera,
fumbi la malole a thonje likutera pa nsalu yofiira.
Ulusi wagolide tinachita kuitanitsa ku Limbe.
Nsalu yamkati inaperewera,
ndinalumikiza ndi zotsala za yunifolomu ya ana a sukulu.
Zimenezo tikudziwa awiri, ine ndi singano.

Mwini wake tinkagwira naye milamba m'matope a thamanda.
Chipsera cha pabondo lakelo
ndinamukankha ndine pa ngolo.
Pomuyeza m'chiuno anaseka:
"Usandithinitse, Fombe, mpando umanenepetsa."

Tsiku lolonga ufumu dzuwa linali loswa mtengo.
Matenti obwereka,
mipando yapulasitiki yolembedwa manambala kumsana,
magalimoto a ku boma akulimbirana mthunzi wa mlambe,
kapeti wofika theka la njira basi.
Jenereta inatsokomola kawiri, nkufa
mlendo wolemekezeka ali pakati pa chiganizo.
Ulimba sudikira mafuta, unayamba wokha.

Ine ndinaima kumbuyo, kuwerenga mabatani.
Ndinkati ndiseka.

Koma atamuveka, nthungululu zitang'amba mlengalenga,
anaimirira munthu amene sindimudziwa.
Mayi Nsayi, aja madzi anawatengera nyumba ndi mbuzi zomwe,
anavula mpango nauyala pamene kapeti anathera.
Ana a Chapepa, osalonjerana chifukwa cha malire a dimba,
anagwada phewa ndi phewa.
Langa bondo linangopinda lokha
pamaso pa ntchito ya manja anga,
imene ndalama yake sanamalize nkomwe kulipira.

Madzulo lole inapakira mipando, iwiri yothyoka.
Mbuzi zinabwerera pabwalo kudya makoko a nthochi.
Malire a dimba ali pomwe anali,
mlatho wa kwathu ukadali m'kamwa mwa anthu.

Lachitatu kunabwera mnyamata wa kabaza,
mkanjo uli m'jumbo:
"Akuti muikemo thumba la foni, losaonekera."

Ndinasuzumira.
Kolala yada ndi thukuta,
fungo lake lomwe lija la kuthamanda,
ka yunifolomu kali pomwe ndinakabisa.
Palibe amene ankandiona,
a Jasi anali mkati kuyeza shuga.
Komabe ndinapita kumjigo,
ndinasamba m'manja ndisanaukhudze.