Mzere pa Chitseko cha Galaja

Ili ndi mipando iwiri basi, yofiira, yaifupi,
mimba yake imatsala pang'ono kukhula phula.
Ndinaigula chaka chimene Malte anabadwa.
Masana imathamanga ngati yaba kanthu,
koma usiku, m'mapiri a Eifel muno,
imapapasa njira ngati munthu wotaya mandala,
nyali zake ziwiri zachikasu, makandulo akutha.

Mu Novembala, pakona yotsikira ku Adenau,
nguluwe inatulukira ndi ana ake asanu.
Ndinaiona itafika kale pamphuno.
Mabuleki anakuwa, ine pakamwa gwa,
kamwana komaliza n'kudutsa pang'onopang'ono,
kosadziwa n'komwe kuti kapulumuka.

Malte anati, Bambo, musadzivute,
pa intaneti alipo mababu a mayuro makumi atatu,
oyera mbee, mungolowetsa, mwatha.
Ndimawadziwa amenewo. Ndimakumana nawo.
Amakulasa m'maso n'kukusiyira madontho obiriwira
oti upite nawo mpaka pa pilo.

Ndinapita kwa Mayi Brühl, oyeza magalimoto,
mayi osaseka ntchito isanathe.
Anagogoda galasi la nyali ndi cholembera.
Kuwala n'kosavuta kugula, anatero,
chovuta n'kukuuza polekezera.
Pagalasi pakhale chidindo chovomerezeka.
Pakhale kachipangizo koweramitsa nyali
mukalemedwa kumbuyo kapena mukadumpha chitunda.
Pakhalenso timipopi totsuka,
poti matope akamata galasi, kuwala kumamwazika
n'kukagwera m'maso mwa munthu wosalakwa.
Ndipo pepala lake liziyenda nanu.

Mayuro chikwi ndi mazana anayi.
Gudrun anayang'ana risiti, n'kuyang'ana denga lathu
pamene pamadontha, osanena kanthu.
Kusanenako ndinakumva bwino.

Loweruka litatu ndili chagada pasimenti yozizira,
zala zotupa, sipanala khumi itasowa kawiri.
Babu lake sukhudza ndi dzanja,
umaligwira ndi kansalu ngati dzira la eni.
Kenako ndinamata tepi pachitseko cha galaja,
n'kubwerera m'mbuyo mamita khumi, n'kuyatsa.

Ndiye ndinauona mzerewo.
Pansi pake poyera ngati mkaka, msomali uliwonse ukuoneka.
Pamwamba pake bii,
ngati wina wadula usiku ndi lumo.

Koma chitseko chilibe maso, sichidandaula.
Ndinapempha Gudrun akwere kagalimoto kake
apite kuseri kwa tchalitchi, abwere moyang'anizana nane.
Anavala jasi pamwamba pa zogonera.
Tinadutsana. Anaima, n'kutsitsa zenera.
Yakumanzereyo ikundiyang'anitsitsa, Eckhard.
Ndinapotoza sikuluu theka.
Anapitanso, anabweranso. Ikadali yamwano.
Theka lina.
Ulendo wachinayi anadutsa osaphethira,
ndipo ataima anati, Tsopano ndaona chipewa chako.
Tiye tikagone, mapazi anga afa.

Lachiwiri Mayi Brühl anaika makina awo patsogolo,
n'kusuzumira nthawi yaitali kuposa mmene ndinkafunira.
Anayesa timipopi, madzi n'kuwathira nsapato.
Chidindo chinagwa, phwa.
Ndikuganiza kuti anamwetulira, sindingalumbire.

Pano ndikatsika ku Adenau
ndimawerenga mitengo isanandipeze,
ndimaona maso a nkhandwe ali kutali,
ndi masamba onyowa pamene tayala lingaterereke.
Basi yomaliza ikamakwera, dalaivala sandiphethirira nyali.
Sadziwa dzina langa, sadziwa za tepi ija.
Amangodutsa nkhope ili mumdima wake,
mdima umene ndinamusiyira dala.

Nguluwe ija sindinaionenso.
Pepala lili m'kabokosi, pansi pa mapu akale.
Denga likudonthabe, taikapo ndowa.