Juzi ya Eusebio

Kwathu ku Corrientes sitinkadziwa kuluka zovala zokhuthala.
Tikanalukiranji? Dzuwa lake limasungunula phula pamsewu,
ng'ona za m'dambo zimangoyasamula masana onse.
Koma itafika kalata yako ya mizere isanu,
yonena kuti zala zikukanika kugwira pensulo,
Amayi anamasula bulangete la paukwati wawo
nayamba kuluka usiku womwewo.

Mkono umodzi unatalika kuposa unzake.
Tinaseka. Amayi anati, akapinda yekha.

Unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, Eusebio,
nyanja yamchere usanaionepo.
Chomwe unkadziwa n'kusamala akavalo a Don Hilario
ndi kuliza akodiyoni ya mabatani awiri akufa,
nyimbo zako zonse zikudumpha malo omwewo
ngati wotsimphina amene anagwirizana nawo mwendo wake.

Phukusi linabwerera mu Ogasiti, mfundo zake zosamasula,
chidindo chofiirira pamwamba pa dzina lako.
Panalibe bokosi. Panalibe dothi loti tiponye.
Kunangobwera mkulu wa asilikali wa nsapato zonyezimira,
anakana mpando, anakana chakumwa,
anatchula mawu akuti ngwazi katatu, maso ali kukhoma.

Madzulo alionse chikho cha mate chikamazungulira pakhonde
chinkaima pang'ono pamalo pako
chisanafike kwa ine.
Zaka makumi awiri ndi zinayi chinaima chomwecho.
Amayi anapita osadziwa pamene unagona.

Kenako anthu ovala zoyera anandibaya chala,
ine Delfina, waimvi tsopano,
uja unamusiya akuphunzira kuwerenga wotchi.
Dontho limenelo linakakupeza kutsidya kwa nyanja,
pansi pa mwala wonena kuti wokudziwa ndi Mulungu yekha.
Ndinakwiya nawo mwalawo. Nanga ife?
Nanga kavalo wa banga pamphumi uja
amene anakana msipu sabata yathunthu?

Lero ndili pano.
Sindikuona mtengo ndi umodzi womwe.
Mphepo ya kuno sipuma, imalowa mpaka m'mano.
Mitanda yoyera yaima m'mizere ngati mukadali pa perete,
makorona akugogoda matabwa, go, go, go,
nkhosa zikudya kuseri kwa mpanda, zilibe nazo kanthu.
Wa kumanzere kwako ndi mnyamata wa ku Chaco.
Mayi ake agona chafufumimba pamiyala,
akumuuza amene anakwatira, amene anagulitsa munda.

Cirilo, mnzako wa m'dzenje, amamata matayala ku Goya.
Zinamutengera zaka zambiri kuti agogode pakhomo pathu.
Anati usiku womaliza unavula masokosi ako ouma n'kumupatsa
chifukwa zala za kumapazi kwake zinali zitayamba kuda.
Akuyenda nawobe mapazi amenewo.
Akuti masiku ena amachita manyazi kuwayang'ana.
Ndinamuuza kuti aziwayendetsa, ndi athu tonse.

Za mbendera, za mwini chilumba,
akambe a mataye m'khosi.
Ine ndabwera ndi juzi.
Njenjete zinaidya pakhosi,
ikununkhirabe kabati ya Amayi, fodya ndi makoko a lalanje.

Atipatsa maola awiri okha.
Limodzi ndalithera kusisita zilembo za dzina lako,
zatsopano, zakuthwa m'mphepete.
Tsopano ndauveka mtanda wako.
Yakukwana pamapewa, mlongo wanga,
mkono wautali uja wokha ndiwo ukulendewera,
mphepo ikuukupiza ngati ukuitana munthu.
Ndaupinda kawiri.

Basi yayamba kuliza hutala.
Ndavala majekete awiri, koma chibwano chikunjenjemera,
ndipo ndangokhala kuno m'mawa umodzi.
Iwe unakhala masiku makumi asanu ndi limodzi,
n'kuvulanso masokosi.