Jekete la Fagasoni

Pa chiphaso changa analemba Fagasoni.
Kalaliki wa pa boma anandiyang'ana khungu,
nayang'ananso pepala,
n'kuseka chamumtima.

Ndinakatsegula kaundula wa tchalitchi ku Linga.
Chiswe chinandiyambirira kufika:
pa dzina la agogo awo a bambo
chinangosiya "soni",
mawu amene anzathu Achiyao amatchulira manyazi.

Azakhali a Nambewe ku Sasani akuti
mkuluyo ankayeza mpunga pa sikelo
ya mzungu wa ndevu zofiira, wa ku Sikotilandi.
Lilime litamukanika kutchula Chimbalanga,
mzunguyo anangomuponyera dzina lake
ngati jekete lakutha.
Amalume akukana:
anachita kugula ndi atambala awiri
kuti amsonkho azimuopa.

Mwana wanga wafufuza pa foni.
Akuti ndife ana a Fegasi,
wa kumapiri a nkhungu.
Fegasi ameneyu sanaviikepo chinangwa kuno,
manda ake sitinasesepo.

Tsiku loika bambo
palibe anatchula Fagasoni.
Ogwada onse ankati, pepani a Mbewe.

Jeketelo ndikuvalabe.
Ndikapisa m'thumba
ndimapeza mankhusu a mpunga.