Makope Atatu

Makina anga sadziwa mtundu wa madzi.
Nyanja ikalowa yobiriwira
imatuluka yotuwa ngati phulusa la mbaula.
Ndinawachenjeza a Chidzanja tsiku lija
atalowa m'kontena mwanga ku Area 3,
envelopu yakhaki kukhwapa,
fumbi la Okutobala litakwera mpaka m'masokosi.

"Makope atatu, mwanawe. Usapinde m'makona."

Mapu, kalata yogulitsirana, zidindo ziwiri.
Puloti 114, ku Salima,
mapazi makumi anayi kuchokera polekezera mafunde.

Sindinafunse, anangoyamba okha:
zipinda zitatu, khonde loyang'ana kum'mawa,
Isitala ndi Khirisimasi azikagonako adzukulu,
miyezi yotsalayo alendo ndi a mabungwe
azilipira usiku uliwonse.
"Zaka makumi atatu ndikukwera masitepe a ku Kapitolo.
Ndalama yopumira sadyera m'manja,
umaigoneka pansi idzuke nyumba."
Akazi awo anatsala m'galimoto,
galasi lotseka, maso kwina.

Febuluwale mvula ili pakati
kunabwera wina, a Nkhonjera,
wachinyamata, wonunkhira za ku Joni,
makiyi akuzungulira pachala.
Envelopu yakhaki.
Nditavundukula, chala chinauma pabatani.
Nambala ija ndinaidziwa ngati nkhope ya mnansi,
chidindo chopendekera kumanzere,
siginecha ya mchira wa buluzi.

"Ndikamanga loji, sisi. Mudzabwere, ndidzakutsitsirani."

Magetsi anathima pomwepo.
Tinakhala chete mphindi khumi,
madontho akumenya denga la kontena,
mawu ali pakhosi panga ngati fupa la usipa.
Ndine ndani ine?
Wa fotokope, handede fifite pa tsamba.
Za eni zimapsetsa mlomo.
Magetsi atayaka makina anachita zomwe amadziwa,
kusandutsa chimodzi kukhala zambiri,
ndipo ndinabweza chenji chonse.

A Chidzanja anabweranso mu Meyi,
lamba ataboola bowo latsopano.
Anandipatsa foni: taona.
Fandeshoni yamira.
Pomwe panayenera kukhala pabalaza
mnyamata waima, madzi m'chiuno,
wanyamula mbedza.
Chitsulo cha malire changotsala mutu,
pamutupo mbalame.

"Makope asanu, a kukhoti.
Kwatulukira munthu, akuti malowo ndi ake.
Nkhonjera. Umamudziwa?"
Ndinayang'ana mapepala, ndinawayalanso bwino.
Iwo anaseka okha, kuseka kouma:
"Madoda awiri, maloya awiri,
tikulimbirana pogona achule."
Ulendo uno m'galimoto munalibe munthu.
Galimotonso panalibe.

Pali tsamba lina linakodwa m'makina tsiku loyamba lija,
linatuluka ndi mzere wakuda pakati.
Sindinalitaye.
Lili kwathu ku Chinsapo, pakhoma,
likubisa mng'alu umene alandilodi
akhala akulonjeza kumata chiyambire chaka chatha.
Lendi akweza kawiri.
Mpopi wauma, lero tsiku lachinayi,
zigubu zafola pakiyosiki ngati anthu a kubanki.

Ku Salima sindinafikeko.
M'mawa uliwonse ndimadutsa kudepoti
anyamata akukuwa Salima, Salima, wotsala m'modzi,
ine n'kugwira chikwama changa n'kupitirira.

Koma usiku ndikazimitsa kandulo
ndimadziwa pomwe pali pepala lija.
Ndimawerenga mumdima mapazi makumi anayi,
kudutsa khoma, kudutsa bafa la aneba,
kukafika pa ngalande ya kuseri kwa tchalitchi.
Madzi ake ndi otuwa
monga momwe makina anga ananenera.
Eni ake a 114 tilipo atatu,
ndipo amene sanataye kanthu ndine,
kupatula mawu aja
amene mpaka lero ali pakhosi.