Mutu Wachisanu ndi Chinayi

Pakatha masabata atatu alionse, Lachinayi,
ndimatsika phiri la Cordillera kusanache bwino.
Makwerero amene kale ndinkawadumpha awiriawiri
lero ndimawawerenga.
Kumunsi, Valparaíso akuyasamula,
sitima zili duu padoko,
agalu agona pakhomo la banki.

Eulogia amandisisita pamkono kuti mtsempha udzuke.
"Wabisalanso," amatero, "wamanyazi ngati mkamwini."
Akaupeza amakoleka thumba m'mwamba
mankhwala n'kuyamba kudontha,
do,
do,
mipatuliro yokhayokha
m'chiganizo chimene dokotala sakudziwa
pomwe adzaike mpumiro.
Chino n'chaka chachiwiri.

Dzanja lamanzere ndinaipatsa khansa,
lamanja ndi langa.
Koma nalonso nsonga zake zachita dzanzi,
cholembera ndimachita kuchiyang'ana
kuti nditsimikize kuti ndachigwira.
M'kamwa muli ngati ndamumata ndalama yachitsulo.
Dzulo ndinayang'anitsitsa supuni
dzina lake osabwera,
ndinangolemba kuti "kotungira msuzi"
n'kupitirira.

Baltasar, mkonzi wanga, amaimba kuchokera ku Santiago:
"Ximena, lemba za matendawa,
anthu amagula misozi."
Matendawa andidyera nsidze,
andidyera ndalama ya lendi,
andidyera Lachinayi ndi Lachisanu lake lomwe.
Adyenso buku?
Buku langa ndi la munthu woyendetsa chimakina cha padoko,
wokhala m'kachipinda kagalasi m'mwambamwamba,
wonyamula katundu wa eni amene sadzamuona m'kati.
Ndalonjeza kulimaliza mu Ogasiti.
Kalendala yanga ili ndi mitundu iwiri ya inki:
yofiira ya chipatala, yakuda ya Baltasar,
ndipo zikakumana pa tsiku limodzi
yofiira ndiyo imadya.

Pampando woyandikana nane pamakhala bambo Heriberto,
zaka makumi atatu padoko, mapapo onse anasiya komweko.
Amandisuzumira pakope popanda kupempha.
"Chingwe chimenecho sitichitcha choncho."
"Mphepo ikafika apo timatsika, mayi, sitife dala."
Mutu wachisanu ndi chinayi anaumvetsera atatsinzina,
atatha anati, "Wabodza."
Ndinati, mutu wanga womwe ulibe tsitsi,
musaumetenso wa m'buku.
Tinaseka mpaka kamakina kanalira,
Eulogia n'kubwera chothamanga.

Lero mpando wawo unali ndi mtsikana
wa mpango wachikasu, maso pa foni.
Sindinafunse.
Muno timadziwa kusafunsa,
timangoyang'ana pawindo
ngati kunja kukuchitika zachilendo.
Maola anayi ndinalemba mawu asanu ndi awiri,
ndinafufuta atatu.

Pochotsa singano Eulogia anandipanikiza kapepala m'manja,
risiti ya buledi, kuseri kwake zilembo zopendekeka:
"Andisinthira Lolemba.
Munthu uja asalire pa mutu wachisanu ndi chinayi.
Kumwamba kuja sitilira, galasi limachita nthunzi.
Amakalirira m'basi."

Ndinakhala pabenchi panja pa chipatala
nseru ikubwera patali ngati sitima yodziwa doko lake.
Mawa sindidzuka. Mkuja mwina.
Lamlungu ndidzatha kumwa tiyi wa mandimu,
Lolemba mutu udzayera pang'ono,
ndipo ndidzakhala ndi masiku khumi ndi anayi anga,
ochepa ngati chenji, koma anga,
oti nditsitse munthu uja m'kachipinda kagalasi,
ndimuyendetse mpaka pasiteji,
ndimupezere mpando wa pawindo.

Zotsatira za sikani zituluka pa 19.
Baltasar akufuna masamba pa 20.

Chikepe cha paphiri chafanso lero.
Ndaima pansi pa makwerero,
kope m'khwapa, thonje likadali pamkono.
Loyamba.
Lachiwiri.
Pa lakhumi ndi chitatu ndapuma,
ndatulutsa risiti ija, ndaiwerenganso.
Basi yake ikhale nambala yanji?
Lolemba ndikawafunsa.