Muyeso wa Telala

Zaka makumi anayi ndakhala pakhonde lino,
moyang'anana ndi msewu wopita ku mlatho wa Shire,
tepi m'khosi, choko kukhutu,
kuyeza ziuno za anthu a ku Mpondasi ndi a ku Namwera,
akwati, ana a sukulu, mashehe ofuna mkanjo wa Idi.
Chiuno changa chokha sindinachiyezepo.

Anachiyeza ndi mtsikana wa ku famase,
ndi maso okha, osandikhudza.
Anati: Bambo, inu ndi laji.
Ndinati: si zanga, wandituma mnansi.
Anakulunga paketiyo m'majumbo awiri akuda.
Sanaseke,
ndipo kusaseka kwakeko kunandiperekeza mpaka kunyumba.

Adokotala anati opareshoni yayenda bwino,
chotupa chachoka, koma mpopi sutsekanso kwenikweni.
Ndikatsokomola, dontho.
Ndikaponda makina, dontho.
Mwana wa Che Bwanali atabwera kudzatenga yunifomu
ndinamuuza kuti abwere mawa,
malaya ali pamsomali, osita kale.
Ndinkaopa kuimirira.

Miyezi itatu sindinaponde mumzikiti.
Azana ikamveka ndinkatseka zenera.
Munthu wodontha aima bwanji pamzere,
phewa kuphewa ndi anzake oyera?
Shehe Jafali anabwera ndi mkanjo wong'ambika m'khwapa.
Ndine telala, ndimadziwa nsalu yong'ambidwa dala.
Anakhala pabenchi nati: Che Silaji,
amene analenga chikhodzodzo
akudziwa kuti chimatha ngati lasitiki.
Sambani, sinthani, bwerani.
Sanaonjezerepo. Analipira mkanjowo, nanyamuka.

Usiku womwewo ndinatulutsa mabuluku anga onse asanu,
kumasula msoko wakumbuyo,
kuonjezera mainchesi awiri,
monga ndakhala ndikuchitira madiresi a amayi oyembekezera
popanda kuwafunsa kanthu.
Magetsi anali atazima. Abiti Twaibu anandigwirira tochi ya foni.
Anati: ana asanu ndi mmodzi ndinawachapira matewera pamanja,
ndiye awa ongotayawa andiopse?
Ndinaseka. Dontho.
Tinasekanso.

Si kuti zonse zili bwino.
Mu Okutobala, dzuwa la Mangochi likakwiya,
thewera limatentha ngati wakhalira mbaula,
khungu limasupuka, ndimadzola mafuta uku ndikung'ung'udza.
Paketi imodzi imameza ndalama ya mabuluku atatu.
Mwana wanga wa ku Joni akachedwa kutumiza
ndimawerenga otsala ngati mbewu ya chaka cha njala,
tiyi ndimamwa theka la kapu.
Palinso kaphokoso kaja, tswatswa, ndikamakhala pansi.
Mkazi wanga akuti ndimakamva ndekha.
Sindimukhulupirira kwenikweni.

M'mawa uliwonse tsono: kusamba, kupukuta,
kumata mbali iyi, kumata inayo,
monga ndimakolekera lamba wa makina ndisanayambe ntchito.
M'chikwama cha ulusi muli lina lapadera,
pansi pa mazipi ndi mabatani.
Lachisanu ndimaima kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo,
ndipo mphumi yanga imagunda pansi pamodzi ndi za anzanga.

Dzulo kunabwera mkulu wina wa ku Chimwala,
akufuna buluku lake likulitsidwe kumbuyo.
Akuti wanenepa,
maso ali pansi, mikono ili ngati bango.
Anakana kukhala pabenchi.
Sindinafunse.
Ndinayeza, ndinalemba nambala ndi choko,
ndinati: mubwere Loweruka,
ndikusokerani ndi lina, la nsalu yakuda yokhuthala,
imabisa bwino, ine ndavala yomweyo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Ndinaponda makina.